Galimoto Zogonamo ndi Kumene Zimaima

Anzanga, ambiri a inu mwaonapo galimoto za alendo zosenza hema padenga zirikutsika mapiri a Mvera pa mseu wa ku Salima. Zina ziri ngati nyumba ndithu: muli kama, mbaula ndi cimbudzi comwe. Nyumba yotereyi singaime paliponse ai. Ifuna mpopi wa madzi, nthambo ya magetsi, ndiponso potayira zonyansa za m'cimbudzimo.

Ku America kuli misasa imene galimoto amailumikiza ku zitatu zonsezi. Koma ngakhale m'nkhalango yochuka ya Yellowstone, imene inapatulidwa mu 1872, msasa wotere ngumodzi wokha, wa Fishing Bridge, ndipo malo ace amacita kulembetseratu.

Kwathu kuno mlendo wanzeru ayamba waima ku Senga Bay, kumene misasa ina iri ndi madzi ndi magetsi. Atunga, nadzaza mabatire, ndipo pamenepo alowera kumpoto ku nkhalango ya Nkhotakota. Kumeneko agone pa msasa wololedwa, monga wa pa mtsinje wa Bua, osati pathengo pamene pamkomera. Paja mu 2016 ndi 2017 a African Parks anatulako njobvu pafupifupi 500 zocokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo njobvu siyang'ana kuti uyu ndi mlendo!

Cobvuta kwambiri ndico cimbudzi cija. Afunse eni msasa potayira pace, asayese kukhuthula mu Bua, pakuti ndimo mukwera mpasa kukaikira mazira, ndipo anthu a kumunsi amwa madzi omwewo.