Maina a Pachipata ndi Maina a ku Komboni m'Mapulazi a ku Mashonaland

1. Mau Oyamba

Munthu woyenda pa mseu wochoka ku Harare kulinga ku Chirundu amadutsa malo anai odziŵika bwino: Banket, Chinhoyi, Lion's Den ndi Karoi. Dzina loyamba ndi la chakudya chotsekemera cha Adatchi, lachiŵiri ndi la mfumu ya Ashona, lachitatu likunena za phanga la mkango, ndipo lachinai litanthauza kamfiti. Mlendo akamva matanthauzo ameneŵa amaseka, ndipo palibe womuletsa. Komabe m'mapulazi a fodya ndi chimanga amene anandanda m'mbali mwa mseu umenewu munalinso maina ena amene sanalembedwepo pa chikwangwani. Ameneŵa anali maina otchulidwa ndi antchito, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kuvuma kwa Northern Rhodesia. Nkhani ino ikufotokoza magulu atatu a maina a m'dera limeneli, ndipo ikusonyeza kuti dzina lachipongwe la ku komboni linali ndi ntchito yaikulu: linkachenjeza mlendo za malo amene ankafuna kukalembedwako ntchito.

2. Kufika kwa Olankhula Chinyanja

Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapereka nthaka yabwino ya Southern Rhodesia kwa Azungu, koma eni mapulazi ankasoŵa antchito nthaŵi zonse, pakuti Ashona ambiri ankakonda kulima minda yao. Motero manja anachokera kumpoto. Amuna a ku Nyasaland, pofuna ndalama za msonkho ndi zovala, ankayenda pansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, ndi kuloŵera ku Mtoko. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anachita pangano la kayendedwe ka antchito, ndipo mu 1946 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission.

Chinenero chinasunga mbiri imeneyi. Malole a boma onyamula antchito popanda malipiro ankatchedwa Ulere. Bungwe lolemba anthu lija linkatchedwa Mthandizi, ngakhale kuti ntchito ya kontalakiti anthu ankaitcha chibalo. Dziko lonselo linkatchedwa Halale, ndipo amene anakhalitsa osabwerera kwao anatchedwa machona. Nao Ashona anatcha alendoŵa Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre. M'dzina limeneli muli malamulo aŵiri a Chishona: l amasanduka r, ndipo nt amasanduka nd. Liuli silinali laulemu, ndipo kufikira lero limapweteka ana ndi adzukulu a machona.

3. Maina a Eni Mapulazi ndi Eni Migodi

Gulu loyamba ndi la maina olembedwa pa mapu ndi pa zipata. Ambiri akusonyeza mtima wa munthu wokumbukira kwao kapena wolota chuma. Glendale, Bromley ndi Trelawney ndi maina a ku Britain oikidwa pa nthaka ya Azezuru ndi Akorekore. Pafupi ndi Chinhoyi pali Alaska, dzina la dziko la chipale loperekedwa kwa mgodi wa m'dera lotentha, ndiponso Eldorado, dzina la dziko la golide la m'nthano za Asipanishi. Pafupi ndi Kadoma pali mgodi wa Venice, kutali kwambiri ndi nyanja iliyonse. Mseu wochoka ku Harare kutsetserekera ku chigwa cha Mazowe unatchedwa Golden Stairs, makwerero a golide, ndipo tauni ya Concession inangotenga liu la m'mapepala a chilolezo cha migodi.

Dzina la Banket lili ndi mbiri yake. Ofunafuna golide anapeza kumeneko mwala wokhala ndi timiyala toyera m'kati, wofanana ndi mwala wa golide wa ku Johannesburg umene Mabunu ankaufanizira ndi chakudya chao chotsekemera chotchedwa banket. Enkeldoorn, kumwera kwa Harare, linali dzina la Chibunu lotanthauza mtengo umodzi wa minga. Maina onseŵa ankauza mwini wake za maloto ake, koma wantchito wotsika m'lole sankaphunzirapo kanthu za malipiro, phoso kapena chikoti. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pakamwa pa wolankhula Chinyanja maina otere ankasintha motsata lamulo lakuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liu. Norton ankamveka Notoni, Concession ankamveka Konseshoni, monga momwe liu la Chingerezi lotchula malo ogona antchito linasandukira komboni, ndi liu la Chibunu lotchula munda waukulu linasandukira pulazi.

4. Maina a Chishona ndi Kukonzedwa Kwake

Gulu lachiŵiri ndi la maina a eni nthaka, amene ambiri anapotozedwa polembedwa. Azungu oyamba a 1890 anabwera ndi omasulira olankhula zinenero za Chinguni, zimene zimaika lembo la liu kutsogolo kwa dzina ndipo zimagwiritsa l pamene Chishona chili ndi r. N'chifukwa chake Mvurwi analembedwa Umvukwes, ndipo dzina la mfumu Chipuriro linasanduka Sipolilo. Dzina la Marandellas likusonyeza cholakwa chachiŵiri: s wakumapeto ndi chizindikiro cha umwini m'Chingerezi, chimene chinamatirira pa dzina la mfumu Marondera mpaka kukhala mbali ya dzinalo. Kumpoto kwa Karoi, Mwami analembedwa Miami, ngati mzinda wa ku America.

Mu 1982, patatha zaka ziŵiri dziko litalandira ufulu, boma linayamba kukonza maina ameneŵa. Salisbury anakhala Harare, Sinoia anakhala Chinhoyi, Hartley anakhala Chegutu, Gatooma anakhala Kadoma, Marandellas anakhala Marondera, Enkeldoorn anakhala Chivhu, ndipo Sipolilo anakhala Guruve. Mangula anakhala Mhangura, liu la Chishona lotanthauza mkuwa, umene unkakumbidwa pamalopo.

Karoi sanasinthidwe. Dzinali limachokera ku karoyi, ndiko kuti ka- wochepetsa, amene alinso m'Chicheŵa, woikidwa pa tsinde la muroyi, mfiti. Mneni wa Chishona kuroya ndi mneni wa Chicheŵa kulodza amachokera ku muzu umodzi wa Chibantu chakale, umene ukuonekanso m'Chiswahili kuroga. Azungu a m'tauniyo anajambula pa chikwangwani mfiti ya kwao yokwera tsache. Kwa iwo zinali nthabwala chabe. Kwa wantchito wochokera ku Dedza, amene ankadziŵa kulemera kwa liu lakuti mfiti, nthabwalayo inali yoŵaŵa ndithu.

5. Maina a ku Komboni

Gulu lachitatu ndi limene silinafike pa mapu. Umboni wolembedwa wochuluka ndi wa ku migodi, chifukwa boma linkasunga mindandanda ya maina amene antchito ankatchulira migodiyo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, amene buku lake lotchedwa Chibaro linatuluka mu 1976, anasonyeza kuti maina ameneŵa ankanena za khalidwe la olemba ntchito. Zitsanzo zinai ndi izi:

(a) Chimpadzi, mgodi wa Ayrshire pafupi ndi Banket: gawo lochepa la chakudya.
(b) Makombera, mgodi wa Old Chum: malo otsekereza anthu.
(c) Sigebenga, mgodi wa Celtic: munthu wankhanza kapena wakupha.
(d) Chayamataka, mgodi wa Masterpiece: kumenya pamatako.

Woŵerenga Chicheŵa sasoŵa womasulira pa (c) ndi (d). Sigebenga ndi liu lomwe lija la chigaŵenga, lochokera ku Chizulu. Chayamataka ndi mneni kutchaya wolumikizidwa ndi matako. Dzina loterolo silitchulidwa pamaso pa apongozi, komatu mnyamata wolimva ali pa doko la Zambezi ankadziŵiratu chimene chinkamudikira kumeneko. Maina ankayenda ndi anthu obwerera kwao, amene ankakumana m'njira ndi opita, n'kugona nao pa moto umodzi. Safunsa anadya phula: wofunsa dzina la malo asanapereke chitupa chake ankapulumutsa khungu lake.

Antchito ankasinthasintha pakati pa migodi ndi mapulazi, ndipo mwambo wotcha maina anapita nao. Pa pulazi, dzina linkayamba ndi mwini wake. Mzungu ankapatsidwa dzina lachiŵiri lochokera ku maonekedwe a thupi lake, ku liu limene ankalibwereza polalata, kapena ku kapimidwe kake ka ufa. Kenaka dzinalo linkakhala la pulazi lonse. Mwambo womwewu ukuoneka poyera mu Lusaka, kumene makomboni anasanduka midzi ya m'tauni ndipo maina ao analembedwa: John Laing ndi John Howard ndi maina a olemba ntchito, ndipo Misisi ndi liu limene antchito ankaitanira mai wachizungu mwini malowo.

6. Kapangidwe ka Mainawo

Njira zitatu za kapangidwe zikuoneka. Yoyamba ndi kuika kwa patsogolo pa dzina la munthu. Chicheŵa chimasiyanitsa ku, wotchula malo, ndi kwa, wotchula malo a munthu. Munthu amati ku Dowa koma kwa Kachindamoto. Potchula pulazi ndi kwa, wantchito ankaliona ngati mudzi wokhala ndi mfumu yake, ndipo fanizoli linali loona. Pa pulazi mwini wake ndi kapitao ndiwo ankaŵeruza milandu, kugaŵa nyumba ndi kuthamangitsa olakwa. Blair Rutherford, amene buku lake lonena za antchito a m'mapulazi a ku Hurungwe linatuluka mu 2001, anafotokoza ulamuliro umenewu ngati boma la pakhomo.

Njira yachiŵiri ndi kugwiritsa mphatikiram'mbuyo wokulitsa chi- kapena wochepetsa ka-. Kuchokera ku mimba, mutu ndi mwendo, chinenero chimapanga mosavuta maina onga Chimimba, Chimutu ndi Kamwendo, ndipo chipongwe chonse chimakhala mu phatikizo loyambalo. Njira yachitatu ndi kulumikiza mneni ndi dzina, monga mu Chayamataka, kotero kuti dzina limodzi limanyamula chiganizo chathunthu: chochitika ndi pamene chikuchitikira.

Funso ndi lakuti chifukwa chiyani chenjezo linkavala chipongwe. Choyamba, dzina loseketsa siliiŵalika, ndipo anthu osadziŵa kulemba amafuna uthenga wosaiŵalika. Chachiŵiri, chinenero cha pantchito chinali Chilapalapa, chinenero cha malamulo, ndipo eni mapulazi ambiri sankamva Chinyanja cha ku komboni; choncho munthu ankatha kutchula dzinalo bwana ali pomwepo. Chachitatu, mwambo wa Acheŵa uli ndi malo ake ololedwa kunena zosanenedwa. Gule wamkulu, amene machona anakhazikitsa m'makomboni ambiri ndipo Ashona amamutcha zvigure, ali ndi zilombo zonyogodola Azungu ndi anthu ena audindo. Dzina lachipongwe la pulazi ndi mbale wa zilombo zimenezo: limalola wopanda mphamvu kuŵeruza wamphamvu popanda kuonekera nkhope.

7. Zimene Zinasintha Kuyambira 2000

Kukonza maina kwa 1982 kunabwezera ulemu ku gulu lachiŵiri, koma sikunakhudze gulu lachitatu, pakuti silinalembedwe paliponse. Pamene kugaŵa nthaka mofulumira kunayamba mu 2000, m'mapulazi a dziko lonse munali antchito oposa 300,000, osaŵerengera mabanja ao. Mapulazi anadulidwa kukhala minda ya magulu a A1 ndi A2, yodziŵika ndi manambala pamodzi ndi dzina lakale la pachipata. Antchito ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo makomboni ena anabalalika. Dzina la pachipata linapulumuka m'makalata a boma. Dzina la ku komboni linatsala m'mitu ya okalamba.

Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa kuti ambiri obadwira m'mapulazi, amene makolo ao anachokera ku Malaŵi, Mozambique kapena Zambia, aonedwe ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira unzika wa obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Koma munthu wofuna chitupa amafunsidwa kumene anabadwira, ndipo ana ambiri a m'makomboni sanalembetsedwe pobadwa. Ngati dzina lokha limene iye akudziŵa ndi lija ankatchula agogo ake, mlembi wa mu ofesi salipeza m'kaundula. Vuto lomweli limagwera banja la ku Ntcheu kapena ku Mangochi lofuna manda a mchona wao: kalata yakale inatchula pulazi ndi dzina la ku komboni, ndipo mapu sakulidziŵa.

8. Mau Otsiriza

Pa ntchito ya akatswiri a zinenero, maina a gulu lachitatu ndi chuma chosoŵa. Akusonyeza mmene Chinyanja, Chishona, Chisena ndi Chilapalapa zinaloŵerana pa malo amodzi, ndipo akusunga maganizo a anthu amene mapepala a boma anangoŵaŵerenga ngati manja. Kuŵasonkhanitsa kukufunika mndandanda wa mizere itatu pa pulazi lililonse: dzina la pachipata, dzina la Chishona la phiri kapena mtsinje wa pamalopo, ndi dzina la ku komboni pamodzi ndi chifukwa chake. Wofufuza asachite manyazi kulemba maina otukwana monga momwe alili, pakuti kuŵakonza n'kuchotsa umboni. Amene anayenda pa malole a Ulere atsala oŵerengeka, ndipo ana ao, amene tsopano ndi agogo ku Banket, ku Mvurwi ndi ku Norton, ndiwo otsiriza kudziŵa kuti dzina lililonse linkanena za yani.