SINALI NDULU YA NG'ONA: NTCHITO YA DOTOLO WA MU LABOTALE

Pa 9 Janeiro 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu ochokera kumaliro anakhala pansi kumwa pombe monga mwa nthawi zonse. Kusanapite nthawi ena anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka thupi lonse. M'masiku otsatira anthu 75 anamwalira, ndipo odwala onse pamodzi anaposa 230. Mayi amene anafulula mowawo nayenso anali m'gulu la omwalira.

Mbiri inathamanga chigawo chonse cha Tete kuti wina anathira ndulu ya ng'ona mu mowa. Ngakhale akuluakulu ena a boma poyamba analankhula zomwezo. Aliyense wokulira m'mudzi akudziwa kuti mawu otere akamveka, anthu amayamba kufunafuna woti amuloze chala, ndipo abale amasiya kudyera mbale imodzi.

Choonadi chinatuluka mu Novembro chaka chomwecho. Akatswiri a zaumoyo anatenga mowa wotsala, ufa ndi magazi a odwala, natumiza zina mpaka ku America kukaziyeza. Anapeza kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanaswana mu ufa wa chimanga womwe unanyowa ndi madzi osefukira nuyamba kuwola. Kachilomboko kamatulutsa poizoni woononga chiwindi, impso ndi ubongo. Ufawo anthu anauona kuti suyenera nsima, koma anaganiza kuti ku mowa ulibe vuto. Panalibe mfiti pamenepo. Za ndulu ya ng'ona, katswiri wa ku Zimbabwe, Norman Nyazema, anali ataiyeza kale m'zaka za m'ma 1980 napeza kuti siipha monga anthu amanenera.

Anthu amene amagwira ntchito yofufuza matenda motere odwala ambiri sawaona. Wodwala amadziwa namwino ndi dotolo womugwira pamimba, koma kuseri kuli chipinda china kumene kumapita magazi, makhololo, mkodzo ndi tinyama tochotsedwa m'thupi. Phunziro la ntchito imeneyi pa Chipwitikizi amati patologia. Ena mwa iwo amayeza magazi ndi kufufuza tizilombo ta malungo, chifuwa chachikulu ndi matenda ena. Ena, otchedwa madotolo a anatomia patológica, amayang'ana mnofu weniweni wa munthu.

Tinene kuti mayi wapezeka ndi chotupa pa khomo la chiberekero, kumene kumagwira khansa yomwe imapezeka kwambiri mwa amayi a mu Moçambique. Dotolo amadula kanyama kakang'ono nakaika m'botolo la mankhwala otchedwa formol kuti kasawole. Ku labotale amakaumitsa mu phula, nakasenga mopyapyala kuposa pepala, nakaika pa kagalasi ndi kukapaka utoto wofiirira kuti zam'kati zioneke. Tsono dotolo wa patologia amakhala pa microscópio, makina okuza tinthu tating'ono, ndi kuwerenga kanyamako monga kalata. Iye ndiye amanena ngati ndi khansa kapena ayi, ndiponso mtundu wake. Popanda yankho lake, wopanga opaleshoni akhoza kuchotsa chosayenera kuchotsa, kapena kusiya choyenera kuchotsa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchito imeneyi siifuna munthu wa phuma.

Dotolo yemweyo amayezanso mitembo. Ambiri m'midzi amakana zimenezi poopa kuti m'bale wawo akaikidwa wosakwanira. Koma womwalira akhoza kupulumutsa amoyo. Pakati pa 2002 ndi 2004, pa Hospital Central de Maputo anayeza mitembo ya amayi 139 amene anamwalira ali ndi pakati kapena atangobereka. Anapeza kuti ambiri sanafe ndi zovuta za uchembere zokha, koma ndi matenda monga Edzi, chibayo, malungo ndi matenda oumitsa khosi. Anapezanso kuti mwa amayi 10 aliwonse, pafupifupi 4 matenda amene anawapha sanadziwike bwino iwo ali moyo. Zotsatira zimenezi zinaphunzitsa madotolo kuti mayi wapakati akatentha thupi kapena kutsokomola, afufuzidwe matenda amenewa msanga.

Pofuna kulemekeza mwambo wa maliro, akatswiri a ku Maputo ndi a malo ofufuzira zaumoyo a ku Manhiça, amene anatsegulidwa mu 1996, anayesa njira ina yosang'amba thupi. Amalowetsa singano m'mapapo, m'chiwindi ndi mu ubongo, natenga tizidutswa tating'ono. Thupi limabwerera kwa abale lili lonse, ndipo zimachitika pokhapokha banja litavomera. Mmodzi mwa otsogolera ntchito zimenezi ndi mayi, Pulofesa Carla Carrilho, amene waphunzitsa patologia zaka zambiri pa Universidade Eduardo Mondlane. Makolo amene amati maphunziro otere ndi a anyamata okha aganizire dzina limenelo.

Nanga mwana wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde angafike bwanji kumeneko? Njira yake imayambira pa sukulu ya m'mudzi. Mwana ayenera kumaliza kalasi ya 12, ndipo ku sekondale asankhe mbali ya sayansi, makamaka Biologia ndi Química. Chipwitikizi achigwire zolimba, pakuti mabuku ndi mayeso onse ali m'chinenero chimenecho. Akatero amalemba mayeso olowera ku yunivesite, kumene olemba amachuluka koma malo ndi ochepa. Kale wofuna udotolo analibe kwina kopita koma ku Maputo. Tsopano maphunzirowa alikonso ku Beira pa Universidade Católica, ku Nampula pa Universidade Lúrio, ndiponso mu mzinda wa Tete momwemo pa Universidade Zambeze. Maphunziro a udotolo amatenga zaka 6. Zoyamba amaphunzira mmene thupi linapangidwira ndi mmene matenda amaliwonongera, zotsiriza amakhala m'chipatala pakati pa odwala.

Womaliza amalembetsa ku bungwe la madotolo la Ordem dos Médicos, ndipo kawirikawiri amayamba ntchito pa chipatala cha m'boma. Wofuna ukatswiri wa patologia amabwereranso kukaphunzira zaka zina zingapo pa chipatala chachikulu, akulandira malipiro ake. Kuwerenga zonse, kuchokera kalasi ya 12 mpaka ukatswiri zimapita zaka zoposa 10.

Palinso njira yaifupi. Pa Instituto de Ciências de Saúde ku Tete amaphunzitsa anamwino ndi anthu ena a ntchito zaumoyo kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo masukulu a mtundu umenewu ndiwo amatulutsa a técnico a mu labotale. Técnico ndiye amayeza malungo ndi makhololo pa chipatala chapafupi, ndiponso amakonza tinyama kuti dotolo atiwerenge. Ena amayambira pamenepo, nadzapitiriza maphunziro pambuyo pake.

Dziko likusowa anthu amenewa. Pamene Moçambique analandira ufulu mu 1975, madotolo ambiri anachoka, ndipo otsala sanakwane 100. Chiwerengero chakwera kwambiri kuyambira pamenepo, koma akatswiri a patologia akadali ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu monga Maputo, Beira ndi Nampula. Kanyama kochotsedwa kumalire kamayenda ulendo wautali, ndipo wodwala amadikira yankho matenda akukula.

Mtolo waukulu uli pa makolo. Mwana wa ku sekondale amafuna nsapato, makope, chakudya ndi malo ogona kutali ndi kwawo, pamene kumunda kukusowa manja. Pamenepo ndi pomwe ambiri amasiyira, mnyamata n'kuyamba geni pa malire, mtsikana n'kukwatiwa. Banja limene lili ndi mwana wokonda Biologia likhale pansi mbatata ndi chimanga zisanagulitsidwe, liwerenge ndalama za chaka chamawa, ndipo lifunse aphunzitsi za masiku olembetsa mayeso ndi za thandizo la bolsa de estudo. Ku Chitima anthu anadikira miyezi 10 kuti adziwe chimene chinapha abale awo, ndipo anawauza ndi anthu amene makolo awo sanawatulutse sukulu.