Kudziwa zaka za njinga yakale

Kudziwa zaka za njinga yakale ndi njira yofufuzira chaka chimene njinga yakapalasa inapangidwa poyang'ana manambala, zilembo ndi kapangidwe ka zitsulo zake. Ku Malawi njinga zambiri zimagulidwa zogwirapo kale ntchito ndipo sizikhala ndi mapepala. M'madera monga Khombedza m'boma la Salima, kumene njinga zimanyamula anthu pa kabaza, nsomba za kunyanja ndi matumba a mbewu, kudziwa zaka za njinga kumathandiza wogula kuti asaberedwe pa mtengo, komanso makaniko kuti apeze zipangizo zokwanira bwino.

Mbiri

Njinga zambiri zakale za ku Malawi zinapangidwa ku England. Zodziwika kwambiri zinali Raleigh, za mumzinda wa Nottingham, ndi Humber, imene dzina lake linagulidwa ndi Raleigh mu 1932. Zina zinkabwera ndi anthu ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Boma la Malawi linaimitsa Wenela mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, ndipo ulendo wa ku Theba unatha mu 1988. Kenaka msika unadzaza ndi njinga za ku India monga Hero, ya kampani imene inayamba mu 1956, ndi za ku China monga Phoenix. Njinga za Buffalo ndi zaposachedwa, chifukwa bungwe la World Bicycle Relief limene linaziyambitsa linakhazikitsidwa mu 2005.

Nambala ya felemu

Nambala ya njinga imadindidwa pa felemu, kawirikawiri pansi pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo, kapena kumunsi kwa chishalo. Kuyambira mu 1974 Raleigh inkayamba nambala ndi zilembo ziwiri. Choyamba chinkasonyeza fakitale, mwachitsanzo N pa Nottingham ndi W pa Worksop. Chachiwiri chinkasonyeza nyengo ya pachaka, ndipo nambala yotsatira inali yomaliza ya chakacho. Choncho 5 akhoza kuimira 1975 kapena 1985, ndipo pamafunika umboni wina. Makampani ena anali ndi kalembedwe kawokawo. Nambala yopalidwa dala ndi chenjezo lakuti njingayo ikhoza kukhala yakuba.

Madeti a pa zipangizo

Habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer imakhala ndi chaka ndi mwezi. Pakalembedwa 72 ndi 6, ndiye kuti inapangidwa mu June 1972. Kampani ya Shimano ya ku Japan imadinda tizilembo tiwiri kuseri kwa zipangizo zake. Koyamba ndi ka chaka, kuyambira A wa 1976, B wa 1977 mpaka Z wa 2001, pamene zilembozo zinayambiranso. Kachiwiri ndi ka mwezi, A kukhala January ndipo L kukhala December. Nthawi zambiri njinga imatuluka m'fakitale patapita miyezi ingapo chipangizocho chitapangidwa.

Kapangidwe

Pa njinga zamipikisano, zija za mahandulo opindikira pansi, zosinthira magiya zikakhala pa felemu ndiye kuti kapangidweko ndi kakale. Shimano inatulutsa magiya olowa modumpha ndi kaphokoso mu 1984, ndipo mu 1990 inaphatikiza zosinthira magiya ndi zogwirira mabuleki. Matayala nawonso ndi umboni. Njinga zolimba za mabuleki a ndodo zimavala tayala la 28 x 1½, la limu ya mamilimita 635. Zamipikisano zambiri zakale zinkavala 27 x 1¼, la mamilimita 630, pamene zatsopano zimavala 700C, la mamilimita 622. Matayala atatuwa amaoneka ofanana koma salowana, ndipo wogula mosayang'ana amataya ndalama. Komabe kapangidwe ka njinga za mabuleki a ndodo sikanasinthe kwenikweni kwa zaka zambiri, moti Hero yatsopano imafanana ndi Raleigh yakale. Chosiyanitsa ndi chizindikiro cha kutsogolo kwa felemu: cha Raleigh chili ndi mutu wa mbalame yonga kakowa.

Zovuta

Njinga ya kabaza sikhalitsa ndi zitsulo zimene inabwera nazo. Masipoko, malimu, tcheni ndi keliyala zimasinthidwa kawirikawiri, ndipo felemu ikathyoka amaiwotcherera. Choncho deti la pa habu limangonena zaka za habuyo ngati wilo linachokera ku njinga ina. M'mbali mwa nyanja chinyezi ndi mchenga zimafulumizitsa dzimbiri, kotero njinga ya zaka zisanu ikhoza kuoneka ngati ya makedzana. Penti yatsopano imakwirira nambala, ndipo zomata za mayina otchuka zimaikidwa pa njinga iliyonse. Chaka chimadalirika pamene nambala ya felemu, madeti a zipangizo ziwiri kapena zitatu ndi mbiri ya eni ake zikugwirizana.