Kaodzera ndi ubongo wa munthu: zimene kafukufuku wabweretsa ku Bua

Kuyambira pamene bungwe la African Parks linayamba kusamalira nkhalango ya Nkhotakota m'chaka cha 2015, mpanda wamagetsi wachepetsako mkangano wakale wa pakati pa njovu ndi alimi oyandikana ndi nkhalangoyi. Koma chilipo cholengedwa chimodzi chimene mpandawo sungachiletse. Ntchentche ya kashembe imadutsa pakati pa mawaya mosavuta, n'kukapeza mlimi m'dimba mwake m'mbali mwa mtsinje wa Bua, mayi akutola nkhuni, kapena mnyamata akuwedza mpasa. Zambiri mwa ntchentchezi zimangosiya ululu wa kanthawi. Zochepa zimanyamula kachilombo koyambitsa kaodzera, nthenda imene imapha ikapanda kuchizidwa.

Kachilomboka dzina lake ndi Trypanosoma brucei rhodesiense. Kanadziwika m'chaka cha 1910 m'magazi a munthu amene analumidwa m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, ndipo pasanapite nthawi gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David Bruce linabwera m'dziko muno, pa nthawiyo likutchedwa Nyasaland, kudzafufuza za nthendayi mpaka 1914. Gululi linapeza tizilombo ta mtunduwu m'magazi a nyama zakutchire zimene sizinkaoneka kudwala. Mpaka lero chinsinsi cha kaodzera wa kuno chagona pomwepo: mbawala ndi nyama zina zimasunga kachilomboka, kashembe n'kukatenga kukapatsira munthu. N'chifukwa chake maboma a Nkhotakota, Kasungu ndi Rumphi, amene ali ndi nkhalango zosungirako nyama, ndiwo amatchulidwa kawirikawiri pankhani ya nthendayi.

Mpanda wachiwiri

Thupi la munthu nalo lili ndi mpanda wake. Timitsempha ta magazi timene timadyetsa ubongo tili ndi zipupa zothinana kwambiri, kotero kuti zinthu zambiri zoyenda m'magazi sizilowa mu ubongo. Madokotala amagawa kaodzera m'magawo awiri potengera mpanda umenewu. M'gawo loyamba kachilombo kamakhala m'magazi ndi m'mwanabere, ndipo munthu amamva kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'mfundo ndi kufooka, monga momwe amachitira malungo. M'gawo lachiwiri kachilombo kamakhala kataboola mpandawo n'kulowa mu ubongo. Apa m'pamene nthenda ya m'magazi imasanduka nkhani ya akatswiri a ubongo ndi mitsempha.

Dzina loti kaodzera limasocheretsa pang'ono. Dokotala wa ku France, Alain Buguet, anayeza tulo ta odwala usana ndi usiku pogwiritsa ntchito makina ojambula mmene ubongo ukugwirira ntchito, ndipo anapeza kuti odwalawo sagona maola ochuluka kwenikweni kuposa anthu ena. Chimene chimasokonekera ndi nthawi ya tulo. Munthu amagona pang'ono n'kudzuka, kugonanso n'kudzuka, masana ndi usiku chimodzimodzi. Krister Kristensson wa ku Karolinska Institutet ku Sweden ndi Marina Bentivoglio wa ku Verona ku Italy, pofufuza pa makoswe, anaonetsa kuti tizilomboti timayamba kuunjikana pamalo pamene mpanda wa ubongo ndi wofooka, pafupi ndi kagawo kamene kamauza thupi kuti kunja kwacha kapena kwada. Tinganene kuti tambala wa m'thupi amayamba kulira nthawi yolakwika.

Kwa banja la wodwala, izi zikutanthauza kuti kudikira tsiku limene munthu adzagone osadzuka ndi kudikira mochedwa. Zizindikiro zimene zimayamba kuoneka ndi zina: bambo wofatsa amayamba kukwiya popanda chifukwa, mwana wochangamuka kusukulu amangokhala duu, wina amalankhula zosamveka, manja amanjenjemera, kuyenda kumakhala kodzandira, usiku tulo osabwera koma masana n'kumaodzera mbale ya nsima ili patsogolo. Pamudzi zotere zimatchedwa misala, ndipo nthawi zina zala zimaloza agogo ena osalakwa. Akatswiri a ubongo anasonyeza kuti kusintha kwa khalidweku kumachokera ku kutupa kwa ubongo, ndipo kuli ndi mankhwala kuchipatala.

Mankhwala amene ankaopsa ngati nthenda yomwe

Mpanda wa ubongo umatsekereza mankhwala ambiri monga momwe umatsekerezera tizilombo. Suramin, mankhwala amene akhala akugwira ntchito kuyambira zaka za m'ma 1920, amachiza gawo loyamba lokha chifukwa salowa mu ubongo mokwanira. Kwa zaka zoposa 70, wodwala kaodzera wa mtundu wa kuno amene wafika gawo lachiwiri analibe pothawira pena koma melarsoprol, mankhwala amene Ernst Friedheim anatulutsa m'chaka cha 1949. Muli poizoni wotchedwa arsenic. Amabayidwa mumtsempha, ndipo amaotcha ngati moto. Choopsa kwambiri n'chakuti mwa odwala 100 alionse olandira mankhwalawa, pakati pa 5 ndi 10 ubongo wawo unkatupa mwadzidzidzi, n'kuyamba kukomoka kapena kugwa ngati akhunyu, ndipo pafupifupi theka la amenewa linkamwalira. Kuti dokotala adziwe mankhwala oyenera, ankayenera kubaya wodwala pamsana n'kutenga madzi oti awerengemo maselo oyera a magazi. Akapitirira 5 pa kadontho ka muyeso wa maikulolita imodzi, kapena kachilombo kakaoneka m'madzimo, ndiye kuti nthenda yafika ku ubongo. Palibe chodabwitsa kuti mabanja ena ankazengereza kupita ndi wodwala kuchipatala.

Mmodzi mwa anthu amene anathera zaka zambiri pa vuto limeneli ndi Pulofesa Peter Kennedy, dokotala wa ubongo ndi mitsempha wa pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland, amenenso analemba buku lofotokoza nthendayi lotchedwa The Fatal Sleep m'chaka cha 2007. Funso lake linali lakuti: n'chiyani kwenikweni chimene chimawononga ubongo, kachilombo, mankhwala, kapena thupi lenilenilo? Iye ndi anzake anagwiritsa ntchito mbewa zopatsidwa nthendayi mwa njira imene katswiri wina wa ku Glasgow komweko, Frank Jennings, anakonza. Anapeza kuti maselo ena a mu ubongo, ooneka ngati nyenyezi, amadzuka msanga kachilombo kakangolowa, n'kuyamba kutulutsa timadzi toitana asilikali a m'thupi. Asilikaliwo akachuluka, nkhondo yawo imawononga ubongo umene abwera kudzateteza, monga momwe moto wotentha tchire pofuna mbewa umathera pankhokwe. Mankhwala akapha tizilombo mosamaliza, kutupaku kumakula kwambiri.

Mfundo yakuti chitetezo cha thupi chikhoza kuvulaza ubongo ikufufuzidwanso lero pa matenda ena ofooketsa ubongo pang'onopang'ono, monga Alzheimer's, amene amachititsa okalamba kuiwala ngakhale mayina a ana awo. Nthenda ya anthu osauka a m'mphepete mwa nkhalango ndi nthenda imene ikusowetsa mtendere mayiko olemera zakumana pa funso limodzi.

Magazi a ku Nkhotakota m'mabuku a sayansi

Anthu a m'boma lino sanangolandira zotsatira za kafukufuku wochitikira kutali. Pulofesa John Chisi wa ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, anafufuza odwala kaodzera a ku Nkhotakota mogwirizana ndi Lorna MacLean ndi Jeremy Sternberg a ku yunivesite ya Aberdeen. Zotsatira zawo zinatuluka m'chaka cha 2004, ndipo zina, zimene Kennedy analemba nawo, zinatuluka mu 2010. Iwo anayerekeza odwala a kuno ndi a ku Uganda, kumene kachilombo ka dzina lomweli kamafika ku ubongo m'masabata ochepa. Ku Nkhotakota anapeza chithunzi china. Nthendayi inkayenda pang'onopang'ono, odwala ambiri ankafika kuchipatala kachilombo kadakali m'magazi, chilonda chimene chimatuluka pamalo olumidwa sichinkaoneka kawirikawiri, koma kuchepa kwa magazi kunali kwakukulu. Ngakhale timadzi ta chitetezo topezeka m'magazi a magulu awiriwa tinali tosiyana.

Izi zili ndi mbali ziwiri. Kuchedwa kwa nthenda kumapatsa wodwala mpata wolandira chithandizo ubongo usanakhudzidwe. Koma kumabisanso nthendayo. Munthu wotentha thupi mwa apo ndi apo, woyera m'maso ndi m'manja, wopanda chilonda choloza, amamwa mankhwala a malungo kawiri, katatu, mpaka miyezi kutha. Kachipangizo koyezera malungo ndi kadontho ka magazi a kuchala sikaona kaodzera, ndipo palibe kachipangizo kofulumira kotere ka kaodzera wa mtundu wa kuno. Amapezeka pokhapokha magazi akaunikidwa pa maikulosikopu ndi munthu amene akumufunafuna. Choipanso n'chakuti munthu akhoza kukhala ndi malungo ndi kaodzera nthawi imodzi, kotero kupezeka ndi malungo sikutseka nkhani.

Mapiritsi m'malo mwa jakisoni wa moto

M'chaka cha 1983 Jennings uja anayesa pa mbewa zake mankhwala otchedwa fexinidazole, amene kampani ya Hoechst ya ku Germany inapanga m'zaka za m'ma 1970, ndipo anaona kuti amathandiza ngakhale nthenda itafika ku ubongo. Kenako mankhwalawo anaiwalika m'mashelefu kwa zaka zoposa 20, popeza odwala kaodzera si anthu oti kampani ingapange nawo phindu. Bungwe losachita malonda la DNDi ndilo linawafukula, ndipo mu 2018 anavomerezedwa kuchiza kaodzera wa kumadzulo ndi pakati pa Africa. Kuyambira 2019 anayesedwa pa mtundu wa kuno, pachipatala cha boma cha Rumphi ndi cha Lwala ku Uganda. Odwala 45 anatenga nawo mbali, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo pafupifupi onse anachira, kuphatikizapo amene nthenda inali itafika ku ubongo. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la mayiko a ku Ulaya linapereka chilolezo chake, ndipo mu 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti fexinidazole akhale mankhwala oyamba kuperekedwa. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene anawavomereza.

Awa ndi mapiritsi omwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, ndipo ayenera kumwedwa munthu atadya chakudya chokwanira, apo ayi thupi siliwalandira bwino. Chifukwa chakuti amachiza magawo onse awiri, odwala ambiri safunikiranso kubayidwa pamsana. Amaperekedwa kwaulere.

Komabe kungakhale kunamiza anthu kunena kuti nkhani yatha. Mapiritsiwa ndi a anthu a zaka 6 kupita m'tsogolo, olemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo. Ana aang'ono, komanso odwala amene afooka moti sangathe kumeza, akhoza kufunikirabe mankhwala akale aja. Ena akamwa amasanza, amamva mutu kapena amasowa tulo, choncho amamwedwa moyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo wochira amayenera kubwererako kukaunikidwa kufikira chaka chitatha. Katemera wa kaodzera kulibe, ndipo amene anadwalapo akhoza kudwalanso. Nthendayi imathanso kubuka mwadzidzidzi: mu 2019 ndi mu 2020 dziko lino linapeza odwala oposa 80 chaka chilichonse, chiwerengero choposa cha dziko lina lililonse pa mtundu umenewu wa kaodzera.

Ntchito imene yatsalira midzi

Kashembe amaluma masana, amakonda mithunzi ya m'mbali mwa mitsinje, ndipo amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu komanso zinthu zoyenda monga njinga ndi galimoto. Zovala zokhuthala, za manja aatali ndi za mtundu wa khaki zimathandiza amene ntchito yawo imawafikitsa kufupi ndi nkhalango, monga alimi a m'malire, osamalira ming'oma ya njuchi ndi alonda a nyama. Ntchentcheyi siswana ngati udzudzu. Yaikazi imabala mphutsi imodzi yokha pa masiku 9 kapena 10, choncho iliyonse imene yafa ndi phindu lenileni. Nsalu zabuluu ndi zakuda zothiridwa mankhwala, zimene zimaimikidwa m'tchire kuti ziphe kashembe, zimagwira ntchito pa chifukwa chimenechi. Wozichotsa kuti akasokere chovala kapena kufolera chisakasa amakhala watsegulira nthenda khomo la mudzi wonse, ndipo mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ali ndi mphamvu yoletsa mchitidwe wotere.

Pali chinthu china chimene chimatseka anthu pakamwa. Munthu amene analowa m'nkhalango mopanda chilolezo, kukatchera misampha kapena kukaotcha makala, amaopa kuulula kwa dokotala kumene analumidwa. Chipatala si bwalo la milandu, ndipo dokotala amene sanauzidwe za kashembe akhoza kutaya masabata akufunafuna nthenda ina. Amene wamwa mankhwala a malungo koma thupi likutenthabe, amene magazi akumuthera popanda chifukwa chodziwika, kapena amene tulo ndi khalidwe lake zasintha, apite kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kapena kuchipatala cha boma ku Nkhotakota, anene kuti amakhala kapena amagwira ntchito kumene kuli kashembe, ndipo apemphe kuti magazi ake aunikidwe ngati muli kachilombo ka kaodzera. Ngati wodwalayo wasokonezeka kale mutu, wachibale amene wamuperekeza anene mawu amenewa m'malo mwake.