Maso a Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane ndi Udindo wa Mphunzitsi

Mwana akamalephera kukopera zolembedwa pabolodi, aphunzitsi ambiri amathamangira kunena kuti Chipwitikizi chamukanika. Komatu nthawi zina vuto limakhala m'maso, ndipo gwero lake ndi masabata oyamba a moyo wake.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala, kotchedwa retina. Timitsempha ta magazi todyetsa kansaluka timamaliza kukula mimba ikamakwana miyezi 9. Khanda likabadwa msanga kwambiri, makamaka lolemera mosapitirira makilogalamu 2, timitsemphati tikhoza kumera mosalongosoka, n'kukoka kansaluko mpaka kukamatula. Theodore Terry, dokotala wa ku Boston, ndiye adafotokoza nthendayi mu 1942. M'zaka za m'ma 1950 kudadziwika kuti mpweya wa okosijeni woperekedwa mopyola muyeso umaikulitsa. Mpweyawu umapulumutsa moyo. Chofunika n'kuupereka moyeza, ndi kupima maso a khandalo likamakwanitsa mwezi umodzi. Nthendayi ikapezeka msanga imachizika, koma kansalu kakamatuka, khungu lake kawirikawiri limakhala la moyo wonse.

M'maiko osauka makanda otere akupulumuka ochuluka kuposa kale, pamene opima maso ngochepa. Palinso zina zochititsa ana khungu: chikuku, kusowa kwa vitamini A, ng'ala yobadwa nayo, ndi mankhwala azitsamba odonthezera m'maso. Zambiri mwa izi n'zopeweka kapena zochizika.

Ana ena amene adadwala nthendayi amaona ndithu, koma zapafupi zokha, kapena diso lawo limodzi limayang'ana kumbali. Amenewa ndiwo mudzakumane nawo m'kalasi yoyamba, ndipo apa m'pamene chilankhulo cha makolo chimagwira ntchito. Mufunseni mwanayo funso pakamwa m'Chichewa, kapena m'Chilomwe ngati ndicho cha kwawo. Akayankha bwino koma n'kulephera kuzindikira chithunzi cha pabolodi, kayikirani maso. M'kalasi ya Chipwitikizi chokhachokha mwana wosaona bwino ndi mwana wosamva chilankhulo onse amangoti duu, ndipo n'kovuta kuwasiyanitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: onetsetsani wogunditsa buku kumphuno, wotsinzinira poyang'ana patali, ndi wopunthwa kawirikawiri.

Mukaona zizindikirozi, chezani ndi makolo mwaulemu: “Mayi, kodi mwanayu adabadwa masiku atakwana? Adakhalitsa kuchipatala atangobadwa?” Musatchule nthenda, pakuti imeneyo ndi ntchito ya achipatala. Alangizeni apite naye kuchipatala cha ku Milange, komwe angawatumize ku Quelimane ngati pakufunika akatswiri. Akumbutseninso za katemera wa chikuku, ndi zakudya monga mango, mapapaya, nkhwani ndi mbatata yofiira m'kati.

M'kalasi mukhazikeni kutsogolo, lembani zilembo zikuluzikulu, ndipo tchulani mokweza chilichonse chimene mukulemba. Pewani mawu oti “ichi” ndi “apo”. Nenani dzina la chinthucho ndi pamene chili. Powerengera mupatseni nyemba kapena timiyala kuti agwire. Amene saona konse amafunika zilembo za Braille, ndipo bungwe la ACAMO, la anthu osaona m'Mozambique, ndi poyambira pabwino pofuna uphungu. Mwana wotere amaphunzira kwambiri ndi makutu, choncho phunziro lililonse latsopano liziyamba m'chilankhulo chimene amamva, Chipwitikizi chizibwera pambuyo pake.