North Carolina siyendanso yokha

Ntchito yanga ndi yosaka osewera. Ndimaonera matimu a atsikana a m'mayunivesite a ku America n'kulemba malipoti a yemwe angathe kulowa mu mpira wa ndalama. Anthu akamva zimenezi, funso lawo limakhala limodzi: kodi North Carolina inatani?

Ofunsawo salakwa. Mpikisano wa NCAA wa atsikana utayamba mu 1982, North Carolina, timu ya mphunzitsi Anson Dorrance, inatenga zikho 12 mwa 13 zoyambirira, ndipo ndi George Mason yokha yomwe inawadula mu 1985. Mu 1992 Mia Hamm ndi anzake anathibula Duke 9-1, mu fainolotu! Koma kuyambira 2013 mpaka 2023 chikho sichinaponde ku Chapel Hill, kwawo kwa timuyi. Chinkazungulira ku UCLA, Florida State, Penn State, USC, Stanford ndi Santa Clara.

Dorrance sanaiwale kuphunzitsa mpira ayi. Chinasintha ndi kuchuluka kwa osewera. Lamulo la Title IX la mu 1972 limakakamiza sukulu zolandira ndalama za boma kupereka mwayi wofanana kwa anyamata ndi atsikana, ndipo mayunivesite ambiri anaona kuti njira yosavuta ndi kutsegula timu ya mpira wa atsikana. Lero matimu a Division I okha apitirira 300. Ana ophunzira mpira m'makalabu nawo achuluka, maka America itapambana World Cup ya 1999 pakhomo pake.

Apa ndi pomwe ambiri sapaona. Kwa zaka zambiri lamulo linkalola timu iliyonse masikolashipu 14 okha. Pamene akatswiri anali owerengeka, masikolashipu ochepa ankakwanira kukokolola onse. Atachuluka, mtsikana waluso wosowa malo ku North Carolina ankapita kwina, chaka chotsatira n'kubwera kudzawachinya. Ng'ombe zikachuluka khola limodzi silikwana.

Onjezanipo transfer portal yomwe inayamba mu 2018, kaundula momwe wosewera amalembetsa kuti akufuna kusamuka. Wokhala pabenchi sadikiranso zaka zinayi. Ena odziwa kwambiri safika n'komwe ku koleji: Alyssa Thompson, yemwe ankayembekezeka ku Stanford, anapita ku Angel City, timu ya mpira wa ndalama, mu 2023. Kwa ife osaka osewera, zimenezi zatichulukitsira maulendo, koma sindidandaula, chifukwa masewero ake akukoma.

Komabe ine sindiwomba nawo m'manja mokweza. Mu 2024, Dorrance atangopuma ntchito, North Carolina inatenganso chikho pansi pa Damon Nahas, pogonjetsa Wake Forest 1-0. Matimu onse anayi omwe anafika mu semifainolo, kuphatikizapo Duke ndi Stanford, anali a ligi imodzi ya ACC. Mphamvu yagawikadi, koma yagawika pakati pa olemera. Kumbukirani kuti Portland, sukulu yaing'ono ya Akatolika, inatenga chikho mu 2002 ndi 2005 ili ndi Christine Sinclair. Lero zoterezi n'zovuta.

Ndipo kuyambira mu 2025 malire a masikolashipu 14 aja anachotsedwa m'sukulu zomwe zalowa m'dongosolo latsopano logawana ndalama ndi osewera. Timu ikhoza kukhala ndi atsikana 28 n'kuwalipirira onse, bola thumba lilole. Lamulo lomwe linkateteza matimu ang'onoang'ono ndi lomwe lachokalo, ndipo ndikuona kuti opindula akhala a m'maligi a ACC, Big Ten ndi SEC.