Chaka choyamba chogwira choko ku Chifunde

Sukulu za ku Mozambique zimatsegulira chaka mvula ili pakati. Mphunzitsi amene wangomaliza kumene maphunziro ku koleji ya aphunzitsi ya IFP ku Angónia kapena ku koleji ya ADPP ku Chiúta akatumizidwa m'boma la Chifunde, amapeza njira za ku Mualadzi ndi Nsadzo zili matope okhaokha, mtsinje wa Luia utadzaza, ndipo m'kalasi ana ali thithithi. Wofuna kusenza zonsezi yekha amatopa teremu yoyamba isanathe.

Vuto loyamba ndi chilankhulo. Mwana wa kuno amabwera kusukulu ndi Chinyanja, pomwe mabuku ambiri ali m'Chipwitikizi. Kuyambira mu 2003 boma linayamba kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri m'sukulu zina, ndipo Chinyanja chili m'gulumo. Choncho palibe chochititsa manyazi kumasulira phunziro la masamu m'chilankhulo cha mwanayo asanalimve m'Chipwitikizi. Wochokera mumzinda wa Tete, amene anakulira Chinyungwe, aphunzire kwa ana omwewo, sadzakana kumuphunzitsa.

Chachiwiri, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Sukulu zoyandikana zimakhala m'gulu lotchedwa ZIP, momwe aphunzitsi amakumana kuti akonzere limodzi maphunziro. Pitani ndi mafunso enieni: wophunzitsa makalasi awiri m'chipinda chimodzi amagawa bwanji nthawi? Makope ochuluka chonchi amachongedwa liti? Amene akhala zaka pasukulupo ali nazo njira zomwe kukoleji sizinatchulidwe.

Kujomba kwa ana kuno kumatsata nyengo. Chifunde ndi dera la fodya ndi chimanga, ndipo nthawi yopalira, yothyola ndi yosoka fodya mabenchi amakhala pululu. Anthu akakolola pamabwera chinamwali ndi gule wamkulu. Mkwapulo sungathetse zimenezi. Mphunzitsi wanzeru amayamba wakadzionetsa kwa amfumu ndi ku komiti ya sukulu, kuti tsiku lodzakambirana za mwana amene wasowa asadzakhale mlendo pabwalo. Mtsikana akamakankhidwira kubanja, lamulo la 2019 loletsa ukwati wa ana osakwana zaka 18 lilipo, koma nkhaniyo muiyendetse ndi ahedi, osati panokha.

Pa za ndalama, malipiro oyamba amatha kuchedwa, ndipo a maola owonjezera akhala akudandaulitsa aphunzitsi m'dziko lonse. Sungani makope a mapepala onse amene mwapereka ku ofesi ya maphunziro ya boma, lembani maola anu, ndipo pewani katapila. Kadimba ka ndiwo kuseri kwa nyumba kamachepetsa ngongole ya pagolosale.

Pa 12 October, tsiku la aphunzitsi, pamakhala kuguba ndi magule. Koma kupuma kusadikire tsiku limenelo. Lamulungu ikani makope pambali, mupite ku mpira kapena kutchalitchi, chifukwa mphunzitsi akadwala kuno, nthawi zambiri palibe wina wolowa m'kalasi mwake.